Funsani Amisiri: Batire Liti M'galimoto ya Rimoti?

Makalata a mwezi uno achokera kuchigawo cha Tete, ndipo onse akukhudza mabatire a magalimoto ang'onoang'ono oyendetsa ndi rimoti. Ena tawafupikitsa.

Funso: Zikomo amisiri. Ndinagulira mwana wanga galimoto ya rimoti ya saizi ya 1/10 kwa dalaivala wa thiraki yochokera ku Johannesburg. Si yatsopano. Inabwera ndi batire lolembedwa NiMH 7.2V 3000mAh, koma masiku ano likumatha pasanathe mphindi khumi. Anzake amuuza mwanayu kuti tigule LiPo ya 3S, akuti ndiye yothamanga. Tigule imeneyo?
Bambo wa ku Moatize

Yankho: Bambo, ndalama zikhale kaye m'thumba. Chotsani chigoba cha galimotoyo muyang'ane kabokosi kamene kali pakati pa batire ndi mota. Kameneka ndi ESC, kamagawa magetsi opita ku mota malinga ndi mmene mwana wakanikizira chala pa rimoti. Yankho la funso lanu linalembedwa kale pakabokosipo: "2S", "2-3S" kapena "6-7 NiMH". Ngati zilembo zinafufutika, lembani dzina ndi nambala yake pa intaneti mupeze kabuku kake. Zofuna za anyamata zibwere pambuyo.

Nambala ya kutsogolo kwa S ikuwerenga maselo, timabatire ting'onoting'ono ta m'kati mwa batire, olumikizidwa motsatizana. Selo limodzi la LiPo amalilemba 3.7V, koma likadzaza limafika 4.2V. Choncho 2S ndi 7.4V papepala, 8.4V pochoka pa tchaja. 3S ndi 11.1V, ikadzaza 12.6V. Batire lanu lakalelo lili ndi maselo 6 a 1.2V lililonse, ndiye 7.2V ija. 2S ili pafupi ndi zomwe galimotoyo inapangidwira, pomwe 3S ikuwonjezerapo theka. ESC ya 2S mukaipatsa 12.6V, ina imapsa pomwepo mukungolumikiza, ina imapirira mphindi zingapo kenako utsi fuu.

Tinene kuti ESC yavomera 3S. Mota nayo iyenera kufunsidwa. Werengani mawaya ake. Akakhala awiri ndi mota ya brushed, ya makala m'kati, nthawi zambiri saizi 540 kapena 550, ndipo pathupi pake pamalembedwa nambala monga 12T kapena 27T. Nambalayo ikachepa, mota imathamanga kwambiri, imadyanso magetsi kwambiri. Hobbywing, pa ESC yawo ya QuicRun 1060 imene imalola 2S ndi 3S yomwe, amati pa 2S mota ikhale 12T kupita m'mwamba, koma pa 3S ikhale 18T kupita m'mwamba. Mota ya 12T pa 3S imatha makala msanga ndipo mawaya am'kati amapsa.

Mawaya akakhala atatu ndi brushless, ndipo nambala yofunika ndi kV. Mukaichulukitsa ndi ma volt mumapeza maulendo amene mota ikuzungulira pa mphindi imodzi isananyamule katundu. Ya 3500kV pa 7.4V imazungulira ka 25,900, pa 11.1V ka 38,850. Liwiro limenelo ndi lenileni, anyamatawo sakunama. Chimene sanamuuze mwanayo n'chakuti kutentha kumakwera mofulumira kuposa liwirolo, ndipo magiya apulasitiki, ma bearing ndi matayala zimalipira.

Apa mpamene malo anu akulowerapo. Mota siyenera kupitirira madigiri 70 kapena kuposerapo pang'ono, chifukwa maginito am'kati akapsa amafooka osabwereranso. Munthu amene akuyendetsa kunja kuli madigiri 20 ali ndi mpata wa madigiri 50. Inu ku Moatize mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likaswa mtengo n'kufika madigiri 40, mpata wanu ndi 30 basi, ndiponso mukuyenda pamchenga ndi fumbi zimene zimagwira matayala. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a kozizira.

Ndiye ife tikuti gulani 2S ya chikwama cholimba, ya 5000mAh. Mwanayo sadandaula. NiMH imagwa ma volt mukangokanikiza mwamphamvu ndipo imapitiriza kufooka mpaka kutha, pomwe LiPo imagwira mphamvu yake nthawi yaitali, ndiye galimoto imanyamuka mwaukali ngakhale manambala apapepala ali oyandikana. N'njopepukanso: ya 5000mAh imalemera pafupifupi magalamu 300, NiMH ya 5000mAh imapitirira 400.

Pali zinthu zitatu zoti muchite batirelo lisanalowe m'galimoto, ndipo choyamba n'chimene anthu ambiri amapha nacho batire latsopano. Selo la LiPo likatsika pansi pa 3.0V limawonongeka. ESC iyenera kuuzidwa kuti tsopano ili ndi LiPo kuti izidula yokha pa 3.2V kapena 3.4V pa selo. Pa QuicRun 1060 mumasuntha kapulagi kakang'ono kuchoka pa NiMH kupita pa LiPo. Pa ESC za Traxxas, nyali ikayaka yobiriwira ndiye kuti chitetezochi chikugwira, ikayaka yofiira n'chozimitsidwa. ESC ikakhala yakale yosadziwa LiPo, gulani kabelu kolumikiza pakapulagi koyera ka batire, kaikeni pa 3.5V, ndipo kakalira mwana aime nthawi yomweyo.

Chachiwiri, yezani ndi rula malo okhala batire. Batire lozolowereka la 1/10 ndi mamilimita pafupifupi 138 m'litali, 47 m'lifupi, 25 kuchindikala. 3S zambiri n'zochindikala kuposa pamenepo ndipo lamba sakwana. Chachitatu ndi pulagi. Ngati ili yoyera ija ya Tamiya, ichotseni. Mano ake amalobodoka, amatentha, pulasitiki n'kusungunuka. Ikani XT60 kapena Deans ku mbali zonse, ndipo podula mawaya a batire muzidula mmodzi, kumuwotcherera, kumuphimba, kenako winayo. Kudula onse awiri ndi pulayasi imodzi n'kugundanitsa batire.

Simunatiuze zaka za mwanayo. Ngati ali wamng'ono woti azitchaja yekha inu muli kuntchito, iwalani za LiPo, mugule NiMH yatsopano ya 5000mAh. N'njolemera, koma imakhululuka.

Funso: Ndine mphunzitsi ndipo ana a kalabu yathu ya sayansi ali ndi galimoto ya brushless. Taona mabatire awiri a 2S: lina 5000mAh 50C, lina 4000mAh 100C. Lamphamvu ndi liti? Komanso m'mawa wa Juni galimoto imaoneka yaulesi, bwanji?
Mphunzitsi, Ulongue

Yankho: Aphunzitsi, masamu ake ana anu awakonda. mAh ndi kuchuluka kwa magetsi osungidwa. 5000mAh ndi 5Ah, kutanthauza ma amp 5 kwa ola limodzi. Batire la LiPo sitilikamula lonse, timasiya gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiye ogwiritsa ntchito ndi 4Ah. Galimoto ikamadya ma amp 15 tikaphatikiza pothamanga ndi poima, 4 kugawa ndi 15 ndi mphindi 16. Paudzu wautali kapena pamatope mphindizo zimachepa, pabwalo losalala zimachuluka.

C ndi lonjezo la wopanga la ma amp amene batire lingatulutse nthawi imodzi: mumachulukitsa C ndi Ah. Loyambalo ndi 250A, lachiwirilo 400A. Musakomedwe nazo. Palibe lamulo limodzi limene makampani onse amatsata poyeza C, aliyense amalemba zake, ndipo mawaya a saizi ya 12AWG amene ali pabatirepo sanganyamule 400A osapsa. ESC ya galimoto ya 1/10 kawirikawiri ndi ya 60A mpaka 120A. Mabatire onse awiriwo akukwanira ndi kutsala, choncho tengani la 5000mAh kuti ana aziyendetsa nthawi yotalikirapo.

Chimene chimasonyeza zoona ndi kukana kwa m'kati mwa selo, kumene matchaja ambiri amakono amayeza mu milliohm. Selo labwino la saizi imeneyi limawerenga pansi pa 5. Likamafika 15 kapena 20 latopa. Uzani ana azilemba manambalawa m'kope mwezi ndi mwezi, aona okha batire likukalamba. Chizindikiro china chosafuna chipangizo: galimoto ikamadula mphamvu ponyamuka mwamphamvu koma batire mukaliyeza lili 3.8V pa selo, ndiye kuti likugwa likapatsidwa katundu.

Ulesi wa mu Juniwo ndi kuzizira kwa kwanuko ku Angónia. Kukatsika pansi pa madigiri 10, kukana kwa m'kati kuja kumakwera ndipo ma volt amagwa msanga. Batire likhale m'thumba la jekete kufikira nthawi yoyendetsa, pulagi yake itaphimbidwa kuti isakhudze makiyi kapena makobidi. Musaliwothetse moto.

Funso: Achimwene, yanga ndi yaikulu, ya 1/8, imalowa mabatire awiri a 2S, lina uku lina uku. Limodzi linafa ndipo ndagula latsopano la 5000mAh. Lotsala ndi la 4000mAh la zaka ziwiri. Ndingawaphatikize?
Wowerenga wa ku Songo

Yankho: Ayi achimwene, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa chifukwa galimotoyo iyenda bwinobwino tsiku loyamba, n'kukupusitsani.

Magalimoto a 1/8 otere amalumikiza mabatire awiriwo motsatizana, chimene amisiri amati series: waya wofiira wa batire loyamba kupita ku ESC, wakuda wake kukakumana ndi wofiira wa lachiwiri, wakuda wa lachiwiri kubwerera ku ESC. Ma volt amaphatikizana, 2S ndi 2S kukhala 4S ya 14.8V, koma mAh siziphatikizana. Ma amp omwewo amadutsa m'mabatire onse awiri, ndiye laling'ono limayamba kutha. Kuli ngati kumanga ng'ombe yokalamba pagoli limodzi ndi yamphamvu: ngolo imayendabe, koma yokalambayo ikukokedwa chokwakwaza.

Vuto n'lakuti ESC siona selo lililonse palokha, imaona chiwerengero chonse. Ikaikidwa kudula pa 3.2V pa selo, pa 4S imadikira 12.8V. Batire latsopano likakhala lidakali pa 7.4V, lakalelo liyenera kutsika mpaka 5.4V kuti ESC idule, kutanthauza 2.7V pa selo. Pamenepo lawonongeka kale, ndipo polichotsa mulipeza lotentha, lotupa. Mabatire a series akhale mapasa: kampani imodzi, mAh imodzi, C imodzi, ogulidwa tsiku limodzi, otchajidwa mofanana. Alembeni A1 ndi A2 ndi cholembera chosafufutika, aziyenda limodzi moyo wawo wonse. Gulani lina lofanana ndi latsopanolo lisanayende maulendo ambiri, lakalelo lipite m'galimoto ina ya batire limodzi.

Kulumikiza kwina ndi parallel, ofiira onse pamodzi, akuda onse pamodzi. Apo ma volt sasintha, mAh ndi zimene zimaphatikizana: 2S 5000 ziwiri zimakhala 2S 10,000. Izi zimathandiza ofuna nthawi yaitali osati liwiro, ndipo kusiyana pang'ono kwa mAh sikupweteka. Choopsa chake chili polumikiza. Lodzaza la 8.4V mukaligundanitsa ndi lotha la 7.4V, volt imodzi yosiyanayo imakankha ma amp makumi angapo kuchoka m'lodzaza kulowa m'lothalo, popanda chowaletsa. Yezani kaye, kusiyana kusapitirire 0.1V pa selo. Ndipo 2S ndi 3S sizilumikizidwa parallel ngakhale kwa kamphindi.

Mawaya a series ndi a parallel ogula kale amafanana maonekedwe, onse ali ngati Y. Tsatirani waya ndi chala musanalowetse pulagi.

Funso: Ndimakonza mafoni ndi malaputopu, ndipo ndili ndi katoni ya maselo a 18650 ochotsa m'mabatire akale. Kugula LiPo kuno n'kovuta, imachedwa kufika. Sindingapange batire langa la 7.4V?
Mmisiri wa mafoni, Zóbuè

Yankho: Mungathe, mmisiri mnzathu, koma osati ndi maselo a laputopu ngati galimotoyo ndi yothamanga. Ma volt ake ali bwino: 18650 nalonso limadzaza pa 4.2V, awiri motsatizana ndi 2S. Kusiyana kuli pa ma amp. Maselo a laputopu anapangidwa kuti azitulutsa pang'onopang'ono kwa maola, ambiri amathera cha pa ma amp 5. Mota ya 540 ponyamuka imafuna ma amp 20 kapena 30, brushless kuposa apo. Selo lofooka limagwa ma volt, ESC imadula, ndipo mukaikakamiza selolo limatentha koopsa. Pa galimoto zokwera miyala zija zoyenda pang'onopang'ono, kapena kagalimoto kakang'ono, maselo a laputopu olumikizidwa awiriawiri amagwira ntchito.

Maselo oyenera mumawapeza m'mabatire a madirilo ndi zida zina zamanja. Samsung 25R, mwachitsanzo, ndi 2500mAh ndipo imatulutsa ma amp 20 mosalekeza. Anayi oterewa, awiri parallel kenako magulu awiriwo series, amatchedwa 2S2P: 5000mAh, ma amp 40. Zimenezo zikwanira mota ya brushed. Zolembedwa 6800mAh kapena 9900mAh pamsika zisiyeni. 18650 yeniyeni imathera cha pa 3500mAh, ndipo imalemera pafupifupi magalamu 45. Ikani pasikelo, yabodza imadziulula.

Posankha m'katoni yanuyo, lililonse lowerenga pansi pa 2.5V liikeni pambali. Otsalawo adzazeni mpaka 4.2V, muwasiye sabata, ndipo lotsika pansi pa 4.1V lichotseninso. Kenako yezani mAh yeniyeni ndi tchaja, mutenge oyandikana kwambiri.

Polumikiza, njira yabwino ndi makina owotcherera timizere ta nickel ndi kuthetheka kumodzi. Ngati muli ndi chowotcherera mtovu chokha, chikhale champhamvu, cha 60W kupita m'mwamba, palani kaye pamutu pa selo, ndipo musachedwepo kupitirira masekondi atatu. Chowotcherera chofooka n'chimene chimaphika selo chifukwa mumakhalitsapo. Kumbukirani kuti chitini chonse cha 18650 ndi negative, mpaka m'mphepete mwa mutu wa positive. Pulasitiki yokutira ikang'ambika pamenepo, kamzere ka nickel kamagundanitsa selo lokha. Ikani kamphete ka pepala lolimba pamutu uliwonse wa positive.

Timabolodi toteteza maselo totchedwa BMS, totchipa ta 2S, tambiri timadula pa ma amp ochepa, galimoto imangozima pokwera chitunda. M'malo mwake wotchererani kapulagi ka JST-XH ka mano atatu, waya mmodzi ku negative, wapakati pamene magulu awiri akumana, wachitatu ku positive, kuti muzitchaja ndi tchaja yolinganiza maselo monga LiPo.

Funso: Kwathu magetsi a kampani ya EDM sanafike. Tili ndi sola ndi batire la 12V loonera TV. Mlongo wanga watumizira ana galimoto ndi LiPo ya 2S 5000mAh koma yopanda tchaja. Tingalumikize ku batire la solalo?
Mayi wa ku Furancungo

Yankho: Mayi, osati mwachindunji. LiPo ya 2S imadzaza pa 8.4V, ndipo batire la 12V lingaikankhire magetsi mopanda malire mpaka kuyaka. Tchaja ya njinga yamoto kapena ya batire la galimoto nayonso ayi. Koma nkhani yabwino n'njakuti matchaja ambiri a LiPo, monga iMAX B6 ndi ena a mtundu umenewo, amalandira 11V mpaka 18V, ndiye batire lanu la sola ndi chakudya chawo chenicheni. Panani mawaya a tchaja pamitu ya batire la solalo, wofiira ku + ndi wakuda ku −. Musalumikize ku panelo yeniyeniyo, chifukwa padzuwa lamphamvu imapitirira 20V ndipo mtambo ukadutsa imagwa. Inveta musaivutitse, ingodya magetsi pachabe.

TV simuiphera. LiPo imeneyi imasunga 37Wh, kutanthauza 7.4 kuchulukitsa ndi 5, ndipo kuidzaza kumachotsa pafupifupi 4Ah m'batire la 12V. Pa batire la 100Ah n'zochepa. Pa kabatire ka 7Ah n'zoposa theka, kangafe msanga. Muzitchaja masana panelo ikugwira ntchito.

Kachitidwe kake nkotere. Sankhani LiPo, kenako Balance. Ikani 2S 7.4V. Ma amp akhale ofanana ndi Ah ya batire kapena kucheperapo: 5.0A pa 5000mAh, 1.5A pa 1500mAh. Lowetsani pulagi yaikulu, kenako kapulagi koyera ka mano atatu pamalo olembedwa 2S. Mukakanikiza Start kwa kanthawi, B6 imaonetsa manambala awiri, R ndi S. R ndi maselo amene yawapeza yokha, S ndi amene inu mwaiuza. Akasiyana musapitirize. Kudzaza kumatenga ola limodzi ndi mphindi zingapo, ndipo pomaliza maselo onse awiri awerenge 4.20V kapena pafupi kwambiri.

Kapulagi koyerako anthu amakanyozera, koma ndi kamene kamalola tchaja kuona selo lililonse. Popanda iko, lina lingafike 4.3V lina lili 4.1V, chiwerengero chonse n'kumaonekabe 8.4V. Cholakwa china chofala, makamaka m'nyumba zimene muli mabatire amitundu iwiri, ndi kutchaja LiPo tchaja ili pa NiMH. Pa NiMH tchaja siima pa 4.2V, imadikira chizindikiro chimene LiPo sipereka, ndiye imangothirabe.

Malo otchajira akhale pasimenti kapena panjerwa, kutali ndi mabulangete, matumba a chimanga ndi denga laudzu, munthu wamkulu ali pafupi. Batire likangochoka m'galimoto lili lofunda, lidikireni lizizire kaye. Ntchito imeneyi si ya ana.

Mukadzagula tchaja yang'ananinso ma watt ake. Ya 50W imakwanitsa 2S pa 5A chifukwa pamafunika 42W. Pa 3S pamafunika 63W, ndiye imatsika yokha kufika cha pa 4A. Si kuwonongeka, yangofika pamalire.

Funso: Ndinaiwala batire lodzaza m'galimoto yanga yeniyeni masiku atatu itaima padzuwa. Tsopano latupa ndipo chikwama chang'ambika m'mbali, koma likugwirabe ntchito. Mnzanga akuti ndiliboole ndi singano mpweya utuluke.
Wowerenga wa ku Matundo, Tete

Yankho: Singanoyo ibwezeni kwa atelala. Selo la LiPo ndi timapepala topyapyala ta positive ndi negative tosanjikizana, tolekanitsidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi. Singano ikadutsa imagundanitsa timapepalato, ndipo mpweya umene watupitsa batirelo ndi woyaka. Kutupako ndi madzi am'kati amene awonongeka n'kusanduka mpweya, sabwereranso. Batire lofika pong'amba chikwama latha, ngakhale likuyendetsabe galimoto.

Zinthu ziwiri zinakumana: kudzaza ndi kutentha. Selo limene lili pa 4.2V limakalamba msanga ngakhale pamthunzi, ndipo m'galimoto yotseka mawindo padzuwa la mu mzinda wa Tete mumadutsa madigiri 60, amene ndi malire a LiPo. Pawindo, pamwamba pa kabati pansi pa malata, kapena m'kontena, zotsatira zake n'zomwezo, kungoti zimachedwerapo.

Batire limene simuligwiritsa ntchito mawa kapena mkuja likhale pa 3.8V pa selo, 7.6V pa 2S. Matchaja ali ndi Storage, imene imalikweza kapena kulitsitsa kufika pamenepo. Mulibe? Yendetsani galimoto mpaka mita yoyezera ma volt iwerenge 7.6V. Lichotseni m'galimoto nthawi zonse, chifukwa ESC zambiri zimayamwabe pang'onopang'ono ngakhale switchi ili yozimitsa, ndipo pakapita masabata mumalipeza lili pansi pa 3.0V. Posungira pabwino kwa inu ndi mu mphika wadothi wothira mchenga pansi, wovundikira mosatseka kwambiri, uli pansi m'chipinda chozizirirapo. Chitini chotseka ndi mphira ayi, mpweya umafunika potulukira. Muziliyeza kamodzi pamwezi.

Lotupalo litayeni motere. Tulukani nalo panja, muliike mu ndowa yachitsulo ya mchenga. Lumikizani babu la galimoto la 12V 21W, la indiketa lija, ku pulagi yaikulu. Babulo lizima pakapita maola, koma lisiyeni cholumikiza tsiku lina lathunthu mpaka mita iwerenge 0V. Kenako dulani pulagi, mupotere mawaya awiriwo pamodzi. Pamenepo lilibenso mphamvu yoyakira lokha. Madzi amchere amene ena amalangiza sitiwadalira, chifukwa mchere umadya tizitsulo tolumikiza maselo magetsi asanathe. Ndipo lisalowe m'dzala lotenthamo zinyalala.

Likadzayamba kufuka utsi tsiku lina, musaligwire ndi manja ndipo musapume utsiwo. Likankhireni panja ndi fosholo ngati n'kotheka, mulikwirire ndi mchenga, ndipo mudikire, chifukwa selo lachiwiri limatha kuyaka loyamba litazima kale.

Funso: Amalume, galimoto yanga imalowa mabatire anayi a AA ndipo amatha tsiku limodzi. Ndaona ena otchaja ofanana ndi AA olembedwa 14500 3.7V. Ndiikemo?
Mwana wa sukulu, Domue

Yankho: Usaikemo, mphwanga. Amafanana thupi lokha. AA wamba ndi 1.5V, anayi ndi 6V. 14500 likadzaza ndi 4.2V, anayi ndi 16.8V, ndipo kabolodi ka galimoto yako kapsa usanakhudze n'komwe rimoti.

Amene akutherawo mwina ndi a tochi otchipa aja a zinc-carbon, amene sapirira mota. Pempha akulu akugulire AA otchaja a NiMH, a 1.2V, a 2000mAh kapena 2500mAh, asanu ndi atatu pamodzi ndi tchaja yake, kuti anayi akamayenda anayi ali pa tchaja. Papepala anayi ndi 4.8V yokha, koma sagwa mota ikakoka, ndiye liwiro silisiyana kwenikweni. Usasakanize atsopano ndi akale, kapena otchaja ndi osatchaja. Galimoto ikangoyamba kufooka uzimitse, chifukwa ukaikakamiza, batire limene latha poyamba limayamba kulandira magetsi chobwerera kuchokera kwa anzake ndipo limafa. M'rimoti ungasiyemo AA a alkaline, imadya pang'ono, koma uziwachotsa ukamapita kutchuthi kuti asatayikire m'kati n'kudya tizitsulo.